Manda athu alowa m'lipoti la kampani

Loweruka lapitali ndinakwera kombi kupita ku Trelawney, ku pulazi ya fodya komwe ndinabadwira, kukalambula manda a mayi anga. Ndinapeza chikwangwani chatsopano atachikhoma pa mtengo wa polowera kumanda. Chalembedwa m'Chingerezi kuti iyi ndi nkhalango imene kampani ikuteteza.

Ndinaseka mpaka khasu kugwa. Kampani yayamba liti kuteteza mayi anga?

Malume anga, a Jailosi, amene akalambira m'mabani owotchera fodya, ndiwo anandimasulira. Akuti ogula fodya akunja masiku ano amafuna lipoti la chaka losonyeza kuti kampani ikusamala chilengedwe. Ndiye a bolodi, akuluakulu oyendetsa kampani aja, anabwera kuchokera ku Harare ndi wojambula zithunzi kudzasaka mitengo. Tsoka lake, mabani anaidya kalekale. Pobiriwira patsala pamanda pokha, ndi dambwe la gule wamkulu kuseri kwake, poti wa m'komboni sangayerekeze kulowamo ndi nkhwangwa.

Wapampando wa bolodi ankafuna kulowa mkati mwenimweni mwa dambwe kuti chithunzi chikome.

“Ndinati bwana, hazviite, sizingatheke, uko sikupita munthu wosavinidwa,” anatero malume. “Iwo n'kundifunsa kuti chilolezo chake amapereka ndani ku ofesi.”

Mukudziwa amene amakhala m'bolodi imeneyi? Mwini kampani, mkazi wake, mlamu wake, loya wake, ndi mnzake wosewera naye gofu. Msonkhano wawo ndi phwando la Khirisimasi chabe. Inu mungaimirire n'kufunsa kuti nkhuni zikuchokera kuti, wofunsidwayo ali amene anakukwatirani mlongo wanu?

Si pulazi yathu yokha. Makampani ambiri amalemba okha lipoti, n'kuliwerenga okha, n'kudziombera m'manja okha. Pa tebulopo palibe amene anamwapo madzi a m'damu lomwe amatsukiramo zopoperera mankhwala. Ikanipo mayi mmodzi wa m'komboni, wofuna nkhuni mpaka kumalire a pulazi ina, kapena munthu wakunja amene sadya nawo pakhomo pa bwana. Lipotilo lingafupike, zithunzi zingachepe, koma lingayambe kunena zoona.

Kuseka kwanga kunatha malume atandiuza zotsala. Manijala wa pulaziyo wanena kuti popeza nkhalangoyo tsopano ili pa pepala la kampani, fodya akadzacha adzadulamo mitengo yokalamba kuti ikhale nkhuni za m'mabani. Akuti kumeneko ndiko kusamala nkhalango mwamakono. Ndinakwiya, ndipo ndikadali wokwiya. Makolo athu anachoka ku Malawi opanda munda, opanda mudzi. Malo okhawo amene anawatcha awo ndi pamene agonapo.

Akulu a gule ndi a mpingo, amene amakangana chaka chonse, agwirizana zokadandaula. Manijala wawauza kuti nkhaniyo aitumiza ku bolodi.

Ikakafika pa tebulo ku Harare, adzakane ndani? Mlamu?