Azakhali Sanakwane pa Tsamba

Azakhali anabadwa boma lino lili ndi msewu umodzi wa masitolo. Anakwatiwa, mimba sinabwere, ndipo mwamuna anawabweza kwawo ngati nsapato yothina. Anabwereka makina osokera nakhala pakhonde la sitolo, kuseri kwake kuli kachipinda kawo.

Mlongo wawo, chidakwa chotheratu, ankabereka paliponse pamene wagona, anawo n'kudzawatula pakhondepo. Azakhali anawalera onse. Ankagona mothithikana pansi pa tebulo lodulira nsalu, yunifolomu zawo zinali za zidutswa zotsala. Wamkulu mwa iwo anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wamkulu, wa mimba ndi tayi.

Boma linakula, nyumba zinadya minda, ndipo akuluakulu anaganiza zolemba buku la mbiri yake, losonyeza mmene anthu anachulukira. Banja lililonse lakale linapatsidwa tsamba limodzi la mibadwo yake. Mphunzitsi uja, amene anali atasiya kalekale kuponda pakhondepo, anatulukira ndi foni yojambulira mawu.

"Azakhali, simukalamba inu. Tandiuzani, agogo aja anabereka ndani ndi ndani?"

"Lero wandikumbuka? Khala apo, usakhalire singano."

Anamuuza zonse, akufa ndi amoyo, ana a m'nyumba ndi a kutchire. Ankalankhula mosangalala, phazi lili pa makina. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: dzina lawo lilembedwe penapake, poti wodzalitchula iwo atapita panalibe.

"Ine undiika pati?"

"Musadandaule, tiona."

Pa tsiku lokhazikitsa bukulo anavala diresi yosoka okha, napita ku holo ya boma. Anawakhazika kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mwambo utatha anadzikoka mpaka kutsogolo. Maso anali atatha ndi ulusi, choncho anapempha mkazi wa mphunzitsiyo kuti awawerengere.

Mayiyo anawerenga mothamanga. Dzina la chidakwa chija linali pakati, m'zilembo zikuluzikulu, ana ake atandandalikidwa pansi pake ngati ankawadziwa. Pa tsamba loyang'anana nalo panali mwamuna amene anawabweza uja, ndi chithunzi chomwe, atazunguliridwa ndi zidzukulu.

"Nanga ine?"

Mayiyo anakodola mwamuna wake. Iye anabwera akupukuta magalasi.

"Azakhali, malo anachepa. Komiti inati tilembe okhawo amene mzere wawo ukupitirira."

"Mzere wake uti? Iwe sunapitirire?"

"Ine ndine wa bambo. Bukuli ndi la kuchuluka kwa anthu. Tisanamizane, inu munachulukitsa ndani?"

Ananena zimenezi mofatsa, ngati akufotokozera mwana wa sitandade wani, anthu akumva. Wina anaseka.

"Ngakhale m'mphepete, mwanawe, timalemba tating'ono."

"Zasindikizidwa kale. Komatu mulimo." Analoza ndi chala pansi penipeni pa tsambalo. "Apa, pamene talemba kuti ‘ndi ena’."

Azakhali anawerama, nayang'anitsitsa pamene panali chalacho. Anangoona kadontho kakuda. Kenako wojambula zithunzi anafuula kuti a m'banjamo ayandikane, ndipo anapempha gogoyo kuti asunthe pang'ono, akutchinga.

Anasuntha.