Ulendo wa ku Mozambiki wopanda kamba

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, pakhomo pathu pankanditentha ngati ndakhalira mbaula. Bambo akaweruka ku esiteti ya tiyi n'kudzera kumowa, amayi ankalandira zibakera zoti ngakhale phiri la Mulanje lingapendekeke nazo. Ine mtima unali pamsewu basi. Ndiye mayi wina wonunkhira perefyumu wa sitolo yonse atandiuza kuti ku Mozambiki kuli ntchito ya mu saluni, sindinafunse kawiri. Anati ndisatsanzike munthu, ndipo wina akafunsa ndizinena kuti ndi azakhali anga.

M'mawa mwake tinali pa siteji ya Chitakale, mu minibasi ya ku Muloza. Kudikira kuti idzaze ndinkaona ngati zaka ziwiri. Apo anatulukira mayi Nakoma, aja azibambo akwathu ankawatcha opasula mabanja chifukwa mkazi akamenyedwa ankamuperekeza kupolisi. Ankakonda kusuzumira m'maminibasi a kumalire, osayang'ana nkhope za atsikana koma zimene anyamula.

Atafunsa kumene tikupita, ndinalakatula zonse monga mayi wa perefyumu uja anandiphunzitsira, mpaka kuwonjezera kuti azakhaliwo anandibereka kumbuyo ndili khanda.

"Nanga kamba wako ali kuti, mwanawe? Mayi ako angakutumize ulendo wautali wopanda ngakhale chinangwa chophika kapena kalongonda?"

Ndinati ndadya kale. Anati ndiwaonetse kansalu kamene amayi anandimangiramo kambayo. M'manja mwanga munalibe ngakhale kachigamba. Iwo anakhala pakhomo pa minibasi n'kuuza dalaivala kuti sinyamuka mpaka amayi anga abwere. Azakhali aja anati akukagula mayunitsi. Mpaka lero akugulabe.

Njira yonse yobwerera ndinkawalalatira mayi Nakoma kuti andiphera tsogolo. Titafika n'kuona diso la amayi litatupa, anandisiya ine n'kukhala nawo pamkeka mpaka dzuwa kupendeka. Sabata yomweyo bambo anaitanidwa kupolisi, ndipo anabwerako manja atawapinda bwinobwino.

Chaka chino ndalemba Folomu 4. Anthu amati ndimakokomeza, ndipo sindikana, koma ichi sindikuwonjezera: mnzanga Esinati anapita ndi mayi wa perefyumu yemwe uja ine ndisanakwere, ndipo amayi ake amafunsabe madalaivala pa siteji. Pano ndikudziwa kuti munthu wokuletsa kutsanzika safuna kuti akwanu adziwe kokakufuna.