Apongozi M'mbali mwa Bwalo

Ndinasewera mpira wolipidwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zaka zonsezo ndinali nambala 3. Kwa amene mpira amangoumvera pa wailesi, nambala 3 ndi wotchinga kumbuyo, mbali ya kumanzere, pafupi ndi mzere wa m'mphepete mwa bwalo. Uli ndi kanjira kako, kuyambira pa kona yanu mpaka cha pakati, ndipo m'kanjira kameneko mumafuna kudutsa nambala 7 wa timu inayo, munthu amene nthawi zambiri amakhala wowonda, waliwiro komanso wopanda mwambo. Ukamutseka bwino, palibe amene amakuona. Ukamuphonya kamodzi, dzina lako amalidziwa ngakhale ootcha chimanga kunja kwa geti.

Timu yathu inali ya ku Kitwe. Ndinkakhala ku Luangwa ndi makolo anga, anthu a ku Katete amene anabwera ku migodi ine ndisanabadwe. Mtsikana amene ndinkafuna kukwatira ankakhala ku Twapia, ku Ndola, ndi mayi ake, nawonso a kwathu kum'mawa. Amalume anga anali atakaonekera kale, ndipo analandiridwa bwino, koma tsiku la ukwati silinkatuluka. Anapitako kawiri kukafunsa, n'kubwerako atangomwa tiyi.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Malemu amuna a mayi a mtsikanayo anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka kukalamba, ndipo kwa mayiwo ntchito inali chinthu chimene munthu amapitako atavala chisoti ndi majombo. Bambo wandevu wothamangitsa chikopa atavala kabudula sankamumvetsa. Potsiriza anauza mwana wawo kuti, "Nifuna nikaone neka vamene achita. Ngati ni nchito, nizaona. Ngati ni masewera, nizaona futi."

Tsono muyenera kudziwa mmene ndinaleredwera. Kwathu mkamwini sayandikira apongozi aakazi. Suwayang'ana kumaso, suwalankhula wekha popanda wokuperekera mawu, ndipo suimirira pafupi nawo utawalozetsa kumbuyo. Ukawaona akubwera m'njira, umapatukira kutchire. M'tauni mulibe tchire, ndiye umalowa paliponse pamene pali chitseko. Tsiku lina ku Twapia ndinathawira m'babashopu, ndipo ndinatulukamo ndi mpala umene sindinaufune. Bambo anga atamva anandiyamikira kwambiri.

Loweruka limene tinakasewera ku Ndola, ndinapempha mtsikanayo kuti akawakhazike mayi ake pamwamba, pamthunzi, kutali. Bwalo linali laling'ono, la waya wofika pachifuwa, ndipo kuchokera pa mzere kukafika pa benchi yoyamba panali mapazi atatu okha. Titatuluka m'chipinda chovalira ndinayang'ana pamwamba, sindinawaone. Ndinayang'ana pansi. Anali pa benchi yoyamba, atavala chitenje cha amayi a ku tchalitchi, chikwama pamiyendo, ambulera m'manja, mwana wawo pambali akuyang'ana pansi. Kaputeni wathu anawina ndalama yoponya, n'kusankha mbali mosaganizira banja la mnzake. Kanjira kanga kanagwera pamaso pawo penipeni.

Mphunzitsi wathu ankakhulupirira chinthu chimodzi: otchinga anayi akumbuyo ndi munthu mmodzi. Pokonzekera ankatimanga chingwe m'chiuno tonse anayi, kuti wina akasuntha, onse asunthe. Pakati pa ine ndi nambala 5, amene ankaima kudzanja langa lamanja, pankayenera kukhala mapazi khumi ndi awiri. Ndikamuyandikira kwambiri, m'mbali mutseguka. Iye akachoka kukatseka m'mbalimo, pakati patseguka, ndipo pakati ndi pamene pali golo.

Nambala 5 ameneyu anali mkulu wa tonse, Mbemba wofatsa, wa mawondo omangidwa mabandeji. Anali atasewera kuyambira ine ndili ku pulayimale. Aliyense ankadziwa kuti akuluakulu a timu akungodikira chifukwa choti amuuzire kuti zikomo, mwagwira ntchito.

Wezulo italira, ndinauza mutu wanga kuti lero ndi ntchito, mwambo tikauonera kunyumba. Mutu unavomera. Koma miyendo yanga inaleredwa bwino kuposa mutu. Ndikati ndiime pa mzere, ndinkamva maso awo pamsana panga, ndinkakumbuka kuti kabudula wanga ndi wamfupi, ndipo ndinkangozindikira ndili phewa ndi phewa ndi nambala 5.

"Mwaice, uleya kwi?" anandifunsa m'Chibemba, kutanthauza kuti mng'ono wanga, ukupita kuti. "Bwelela!"

Ndinabwerera mapazi anayi, kenaka ndinayambanso kutsetsereka.

Nambala 7 wawo sanachedwe kuona kuti amupatsa msewu waulere. Anapempha mpira, anaupeza, n'kuthamanga yekhayekha m'kanjira kanga, akudutsa pamaso pa apongozi anga ngati mkamwini ndi iyeyo. Nambala 5 anasiya malo ake kukamutchinga. Uja anangouponya pakati, pamene mkuluyo wangochoka kumene, ndipo womwetsa zigoli wawo anaugunda ndi mutu mosavutika. Anthu athu amene anabwera pa basi kuchokera ku Kitwe sanaone chimene ine ndinachita. Anaona nkhalamba ili kutali ndi malo ake, ndipo anayamba kuikuwiza kuti ipite ikalere adzukulu.

Posakhalitsa mpira unatuluka mbali yanga, n'kudumpha waya, n'kugwera pamiyendo pawo. Unali wathu woponya, ndipo woponya mbali imeneyo ndinali ine. Ndinapita. Nditatsala mapazi awiri ndinagwada, maso pansi, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Iwo sanaseke. Anaupukuta mpirawo ndi nsonga ya chitenje, anaupereka kwa mwana wawo, ndipo mwana wawo ndiye anandipatsa ine, monga mwa dongosolo. Woyimbira ankangoloza wotchi yake.

Vuto linali lisanathe. Woponya mpira amaima kunja kwa mzere, nkhope ku bwalo, kumbuyo kwa oonerera, n'kupinda msana. Ndinayenda mapazi khumi kukwera mzere kuti ndikaponyere patali nawo. Wambendera anandibweza. Ndinayesa kutsika nawo. Anandibwezanso. Ndiye ndinaima cham'mbali, phewa limodzi kwa apongozi, lina ku bwalo, n'kuuponya ngati munthu wotaya madzi a m'beseni. Woyimbira anaimba kuti ndaponya molakwa, mpira n'kupita kwa adani. Chigoli chachiwiri chinabwera chigawo choyamba chisanathe, ndipo chinadzera njira yomweyo.

Pa nthawi yopuma mphunzitsi anakalipa m'zinenero zitatu. Ine anandipatsa chiganizo chimodzi, zotsalazo zonse zinagwera nambala 5. Mkuluyo ankangopuma movutikira, thukuta likutsika m'mabandeji. Mphunzitsi atatembenukira ena, mkuluyo anandikoka jezi.

"Niuze. Wadwala?"

"Ba mudala, baja ba ambulera ni apongozi banga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Kwawonso mwambowu uliko. "Osadandaula," anatero. "Manje tichinja mbali. Uzankhala kutali nabo."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinamwa madzi, ndinamanga bwino zingwe za nsapato, ndinatuluka ngati munthu watsopano n'kuthamangira mbali ina ya bwalo. Ndinawapeza atafika kale. Anali atazungulira bwalo lonse ndi ambulera yawo, atapempha anyamata ena kuti asunthe, n'kukhala pa benchi yoyamba. Ndinamva pambuyo pake kuti anauza mwana wawo kuti analipira pa geti kudzaona munthu mmodzi, ndipo sangaonere msana wa wina.

Ndinayambanso kutsetsereka. Nambala 7 anadutsa kamodzi, nambala 5 anamuthamangira mpaka pa kona, anagwa naye, anadzuka akutsimphina. Pamenepo ndinamva mawu amene anazolowera kuitana makasitomala pa msika wa ku Twapia. Sankalankhula ndi ine, chifukwa sakanatero. Ankalankhula ndi wambendera.

"Ba mbendera! Imwe ba mbendera! Bauzeni baja ba namba fili kuti malo yao yali kuno. Ine siniluma."

Wambendera anali bambo wamkulu, ndipo ndikukhulupirira kuti nayenso anali mkamwini wa munthu. Sanatembenuke. Anathamanga cham'mbali monga amachitira, mbendera pansi, ndipo podutsa pafupi nane anati, "Ba namba fili, ba mayo bakuti mubwele."

"Bauzeni futi kuti munzao mukulu uja azafa. Agwira nchito ya banthu babili, beve balikuyenda-yenda monga bali pa holide."

"Mwamvela," anatero wambendera.

Ndinamva. Manyazi amene ndinamva pamenepo anali a mtundu wina, oposa a kabudula. Ndipo mwambo womwewo umene unkandithamangitsa unandimanga tsopano, chifukwa apongozi akakutuma sukana. Ndinapita pa mzere, n'kuima mapazi khumi ndi awiri kuchokera kwa nambala 5, msana wanga uli pamaso pawo. Nambala 7 anabwera akumwetulira. Ndinamulanda mpira. Anabweranso, ndinamuperekeza mpaka kunja kwa bwalo. Kachitatu anayang'ana kumbali kufuna womupatsira, ndipo tonse anayi tinakwera limodzi ngati chingwe chija chili m'chiuno, mbendera n'kukwera kuti mnzakeyo waotchera, ndiye kuti ofusayidi. Kumbuyo kwanga ndinamva, "Ehee." Sindinalandirepo chiyamiko choposa chimenecho mu mpira.

Koma zinali mochedwa. Tinabweza chigoli chimodzi, n'kugonja. Nambala 5 anatulutsidwa masewero asanathe, bondo litatupa, anthu athu omwe akumuwowoza. Madzulo a tsikulo pa wailesi anakambirana za msinkhu wake kwa theka la ola. Dzina langa analitchula kamodzi, poseka za kugwada kuja, ndipo wina anaimba foni kunena kuti achinyamata aulemu ngati ine akusowa masiku ano. Mndandanda wa masewero otsatira utatuluka, ine ndinalipo, iye panalibe.

Lamulungu, Misa itatha, mtsikanayo anabwera ku Luangwa ndi uthenga. Anakhala pa mpando, manja pamiyendo, n'kuunena mmene anaulandirira.

"Bakuti nchito baiona, ni nchito. Bakuti pa msika munzako akachoka pa tebulo, umamugulisila, koma akabwela samakusiya kuti bakunene iwe. Bakuti mukauze bakulu banu amene analakwa. Mukachita ivo, ba malume babwele, koma babwele na baja ba namba faivi. Bafuna kumvela kuli beve."

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinali ndi malo mu timu, ndipo ankandiuza kuti ndikawaike pa tebulo ndi manja anga. Ndinayendayenda pabwalo pa nyumba, ndikunena kuti mayi wogulitsa kapenta sangandiphunzitse mpira. Mayi anga, amene ankachapa pampopi, anangofunsa kuti, "Nanga ananama?"

Lolemba m'mawa ndinagogoda pa ofesi ya mphunzitsi. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa ambulera. Anaika tepi ya masewerowo, anaibweza kawiri, akundiona ndikutsetsereka ngati mbale pa tebulo lopendekeka. Sanaseke mpaka pamene ndinagwada. Atapukuta misozi anandiuza kuti ndikhala pa benchi masewero atatu, ndipo mnyamata amene alowe m'malo mwanga akasewera bwino, ndisadzamufunse mafunso. Nambala 5 anabwezedwa pa mndandanda bondo litangophwa.

Ndinakamupeza kunyumba kwake, mwendo uli pa mpando, atauzinga ndi thaulo la madzi oundana. Ndinapepesa, kenaka ndinapempha kuti apite ndi amalume ku Twapia. Anapukusa mutu.

"Nakuthamangila mwaice, nakugwela, banitukana pa wailesi. Manje nikakukwatilile futi?"

Koma Loweruka lotsatira anavala jekete, anakwera basi ya ku Ndola ndi amalume anga, akutsimphina. Ine ndinapita nawo mpaka pa siteji ya ku Twapia, n'kutsala pamenepo monga mwa mwambo. Ndinadikira maola awiri pa benchi ya wokonza nsapato, mtima uli m'mwamba.

Atatulukira, amalume anali akumwetulira, koma ine ndinayang'ana kwa mkuluyo. Anakhala pansi pambali panga, anawongola mwendo, n'kundiuza mmene zinayendera. Mayiwo sanafunse za malipiro anga, kapena za nyumba. Anamuthira tiyi, anamufunsa za bondo, kenaka anamufunsa funso limodzi: kuti tsiku limene ndidzachoke pamalo panga m'nyumba, mwana wawo atatsala yekha, kodi iyeyo ndiye adzabwere kudzatseka?

"Munayankha chani, ba mudala?"

"Nabauza zoona. Nati iyayi mayo, ine mawondo yanasila. Uyu azaimilila yeka."

Anatulutsa kapepala m'thumba la jekete, pamene amalume analembapo tsiku la ukwati, n'kundipatsa. Nditati ndikatenge, sanakasiye msanga.

"Nakulumbilila, mwaice," anatero. "Osanichititsa wabodza."