Chilimwe Chimene Ndinali Yelepu

Ndikamva fungo la nsalu ya sitachi ikutenthedwa ndi simbi yamakala, mtima umandibwezera ku Woodlands, dera la azungu, kuseri kwa nyumba ya Dona, mzimayi wachizungu amene amayi ankamugwirira ntchito, m'chilimwe china cha nthawi ya Chitaganya. Chaka chimenecho ndinasowa malo kusukulu, ndiye amayi ankanditenga kuntchito kwawo. Bambo anali atalowera ku Halale kalekale osatumizako ngakhale moni. Chimene chinkatidyetsa ndi kutisunga m'kanyumba kathu kozungulira, kofolera udzu, ku Kabwata, anali manja a amayiwo basi. Ankachapa ndi kusita, mpaka masokosi omwe, kuopa mphutsi zimene ntchentche zimaikira pa zovala zoyanika.

Tinkanyamuka dzuwa lisanakwiye, n'kudutsa pampopi pamene azimayi ankakanganirana malo a zidebe, uyu "muli shani", uyo "mwauka bwanji". Fumbi lofiira linkatiperekeza mpaka pamene msewu wa tala unkayambira. Kuchokera apo kunali mipanda yodulidwa bwino, udzu wobiriwira pakati pa chilimwe, ndi maluwa a jakaranda oterera kuphazi. Tikafika pageti amayi ankandigwira phewa. "Esinati, kuno pakamwa ni potseka. Wamvela?" Ankandidziwa mwana wawo. Ine pakamwa panga panali ngati mpopi wothyoka.

Dona anali ndi mwana wamwamuna wondiposa pang'ono, dzina lake Kolini, koma ife tinkayenera kunena kuti bwana wamng'ono. Tsiku lina ndikupatsira amayi zopanira zovala, iye anandizembera kumbuyo n'kunditsina pamkono. Ndinakuwa kamodzi, kakang'ono koma kakuthwa. Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kuthamangira kukhonde akufuulira mayi ake. M'Chingerezi chonsecho ndinatolamo liwu limodzi lokha, lakuti yelp. Dona naye anaseka. Kuyambira tsiku limenelo Kolini ankandiitana ndi liwu lomwelo, ndipo m'makutu mwanga linkamveka Yelepu.

Abale, kunyada kwake! Ku Kabwata kunali anthu a maina achizungu odzipatsa okha, a Supuni, a Kabichi, koma langa ndinachita kupatsidwa ndi mzungu weniweni, wa tsitsi lofiira. Ndinalengeza pampopi, ndinalengeza pamasewera a phada. Wondiitana Esinati sindinkamucheukira n'komwe. Anzanga ankandichitira nsanje, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo. Mikono inkachita mawanga ndi kutsinidwa, koma ndinkati masewera a azungu ndi otero.

Amene ananditsegula m'maso anali ba Amidu, telala wa ku Nyasaland amene ankasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, kachisoti koyera kali kumutu. Anapitako kunkhondo, ndipo Chingerezi ankachimva. Ndinawapempha kuti andisokere dzina langa latsopano pathumba la deresi. Phazi lawo linaima pamakina. Anandiuza kuti ndibwereze dzinalo, ndiponso ndifotokoze mmene ndinalipezera. Atamva, anatola kamwala n'kugenda galu wa nthiti pamtunda amene ankanunkhiza m'ngalande. Galuyo anati kwee! n'kuthawa mchira uli pakati pa miyendo.

"Wamva, mwanangu?" anatero ba Amidu. "Yelp ndi imeneyo. Kulira kwa galu akamenyedwa."

Ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowemo. Koma manyaziwo sanagone. Pofika kunyumba anali atasanduka ukali, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti mwana ameneyo sadzalimvanso liwu langa, ngakhale andisende khungu.

M'mawa mwake ananditsina, ine zii. Anabwereza, ine kumuyang'ana m'maso osaphethira. Anayesa kundipana ndi zopanira zovala, anayesa kundikoka tsitsi, anayesa kundithira nyerere kukhosi. Ndinkaluma lilime mpaka kulawa magazi, misozi n'kumatsika yokha, koma liwu ayi. Masabata anapita chonchi, dzuwa likuwotcha, nyenje zikulira m'mitengo m'malo mwanga. Amayi ankandithowa mabalawo ndi kansalu ka madzi otentha. "Lila chabe kamodzi, mwana wanga, akulekele," ankandinyengerera. "Nchito ikasila tizadya chiyani?" Ndinkawamvera chisoni, ndipo njala ndinkaiopa, koma mutu wanga unali utauma kale.

Zinafika pachimake masana ena pamene Dona anaitana anzake kudzamwa tiyi pakapinga. Amayi anavala epuloni yoyera mbee, yolimba ndi sitachi, akuperekera makapu. Kolini anandikoka mkono kuchokera kuseri mpaka pamaso pa alendowo kuti awaonetse chidole chake cholira. Anandilowetsa zikhadabo n'kupotokola. Ine duu. Anapotokolanso mpaka khungu linang'ambika, magazi n'kuyenderera kuchigongono. Alendo aja analeka kumwetulira. Mnyamatayo nkhope itafiira ngati tomato, anandiponda phazi ndi chidendene cha nsapato.

Pamenepo ndiye ndinatsegula pakamwa. Ankafuna liwu? Ndinamupatsa. Ndinaimba nthungululu, ija amaimba azimayi akwathu mkwati akamatuluka m'tchalitchi, yaitali, lilime likuvina, mutu nditaukweza. Galu wa panyumbapo anauwa, wa nyumba yoyandikana anayankha, mpaka msewu wonse unadzuka. Mzimayi mmodzi anagwetsa kapu. Kolini anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kulira iyeyo, kulira kwenikweni kwa mamina.

Dona anaimirira. M'chilapalapa chimene ankalankhulira antchito, anauza amayi kuti ndigwade ndipepese bwana wamng'ono, apo ayi tisadzapondenso pakhomo pake. Amayi anayang'ana Dona, n'kuyang'ana mkono wanga. Anaika thireyi patebulo mosamala. Anamasula epuloni, anaipinda motsata mizere yomwe anaisita okha m'mawa, n'kuisanjika pampando.

"Tiye, Esinati."

Njira yonse ya tala ine ndinkayembekezera mbama. Titafika pamene fumbi la kwathu linkayambira, amayi anaima, anamanganso chitenje, n'kuimba nthungululu yawo, yamphamvu kuposa yanga, mpaka bambo wina wa panjinga anatsika kufunsa kuti ukwati uli kwa yani.

Ndisanamize munthu, njala inatipeza ndithu. Mvula isanagwe tinali titatuluka m'kanyumba kaja n'kukapanikizana kwa amalume. Amayi anayamba kukazinga nshawa, mtedza uja, kumsika, ndipo masiku ena tinkagonera madzi. Koma sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndinawachotsetsa ntchito. Inenso sindinapepese, ndipo mpaka lero sindikuona choti ndipepesere.

Patapita zaka, nditakhala mphunzitsi wa Chingerezi chomwecho, ndinafufuza kumene liwu lija linachokera. Ndinapeza kuti m'Chingerezi chamakedzana yelp sikunali kulira kwa galu ayi. Kunali kudzitama, kukweza mawu monyadira ngati msilikali wotchula mphamvu zake. Liwulo linachita kutsika pang'onopang'ono, mibadwo ikupita, mpaka linakathera m'kamwa mwa agalu.

Kwa nthawi yaitali, kamtsikana kaja kodzitama pampopi ndi dzina la Yelepu ndinkakayesa kachitsiru. Tsopano ndikasisita chipsera chili pamkonochi ndimaseka. Kani kanalimva bwino dzinalo, ndipo amene anali ataiwala tanthauzo lake ndi eni chilankhulo.