Chipika cha a Lázaro

A Hermínia a ku Meluluca ndi amene amapeka nyimbo za chioda m'mudzi mwawo. Masana amayanika usipa pa thandala, koma makutu amakhala ali kwina. Munthu akachita chochititsa manyazi, Loweruka lake amadzimva m'nyimbo, amayi akuvina ndi kuwomba m'manja. Ngakhale akatekisiti a Anglikani anaimbidwapo, chifukwa chowodzera pa ulaliki wawo womwe.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankapulumuka, amuna awo a Lázaro, msodzi wodzitama kuti saopa kanthu m'madzi. Tsiku lina akusamba anaona chinthu chakuda chikubwera ndi mafunde. Anakuwa kuti ng'ona, nathamanga mpaka kumanyumba, buluku atalisiya pamwala. Anthu atapita ndi mikondo anapeza chipika cha mtengo.

"Mayi a Nelsa, imeneyi musaimbe," anatero a Lázaro madzulo ake.

"Ine ndingaimbe amuna anga?" anayankha a Hermínia, phazi likugunda kale pansi.

Anaiimba pa festa, chikondwerero cha ku Metangula. Pamenepo panali mtsikana wa ku Lichinga, Shifaa, yemwe amalemba nkhani za oimba ndi ovina pa tsamba la pa intaneti. Anajambula gule yense pa foni, nafunsa a Hermínia mmene amapekera nyimbo, nalemba dzina lawo ndi la mudzi wawo.

Gulu la a Hermínia linali litavina zaka zambiri, koma silinkadziwika kupitirira midzi yoyandikana. Nkhani ija itatuluka, foni ya mwana wawo Nelsa inayamba kulira. Ena ankawafuna ku ukwati ku Maniamba, ena ku Likoma. Mphunzitsi wina wa ku Lichinga anapempha mawu a nyimbo kuti aphunzitse ana.

A Lázaro anakwiya koopsa. Anasiya kudya nsomba yophika akazi awo, ndipo akakwera chapa, minibasi ya kumeneko, ankabisa nkhope ndi chipewa. Koma tsiku lina woyendetsa anawayang'anitsitsa.

"Si inu a Lázaro a chipika?"

Galimoto yonse inaphulika kuseka. Anawapatsa mpando wakutsogolo, mayi wina anawagawira nthochi, ndipo anyamata anapempha kujambulitsa nawo. Anatsika ku Metangula chipewa chili m'manja.

Uthenga wotsatira unati gulu libwere ndi mwini nkhani. A Lázaro anapita, ati kukangoperekeza. Ng'oma zitafika pakolasi analowa okha m'bwalo, nayamba kuthamanga atagwira m'chiuno ngati buluku likugwa. Shifaa analembanso nkhani ina, chithunzi chachikulu chili cha iwowo.

"Mwaona? Anthu akubwerera ine," anauza akazi awo. "Inu mumangoimba."

"Chabwino, bambo a Nelsa. Ku Likoma mukathamange popanda nyimbo."

A Lázaro anangonyamula ng'oma kupita nazo kubwato.

Vuto la a Hermínia tsopano ndi amuna a m'mudzimo. Kale ankawazemba, lero amadutsa dala pa thandala lawo. Sabata yatha a Zakariya, oyandikana nawo, anagwa pa njinga pamaso pawo penipeni, nagona chagada mumchenga akusuzumira ndi diso limodzi.

A Hermínia anapitiriza kutembenuza usipa.

"Dzukani, achimwene. Mwachita kukonzekera, ndakuonani mukusankha pofewa."