Namfedwa Wonenepa

Amuna anga atamwalira, tulo tinandithawa ndipo chakudya chinkandikanika kumeza. Adokotala anandipatsa mapiritsi okhazika mtima pansi, n'kundichenjeza kuti ena amanenepa nawo. Ine ndinanenepadi. Siketi yanga yopitira ku ofesi ku City Centre inakana kutseka zipi, chonsecho masana ndinkangomwa tiyi wopanda shuga.

Tsiku lina ndinakumana ndi apongozi anga aakazi pa depoti ku Old Town. Kwathu namfedwa amayenera kuwonda kuti anthu aone kuti akulira. Apongoziwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwasalalatu, amayi. Imfa ya mwana wanga yakuyanjani."

Nditafika kunyumba, mapiritsi aja ndinawataya m'chimbudzi. Tulo tinathawanso, koma thupi silinaphwe. Mpaka lero ndikulirabe, ndipo palibe amene amandikhulupirira.