Fanibelti Yobwereka

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira chipupa cha khonde la apongozi anga nditafunda jekete. Amuna anali mbuu mozungulira moto wa pabwalo, ena pa matumba, ena atakhala pa mipando mitu itagwera pachifuwa. M'nyumba amayi a chigwirizano anali atapumira kuimba. Kuseri kwa nkhokwe amayi ena anali atayamba kusonkha moto ndi kutereka migolo ya madzi. Kenaka adzukulu anadutsa ndi makasu kulowera kumanda. Nditawaona ndinadziwa kuti tsiku layamba ndipo silibwerera m'mbuyo, pakuti manda akakumbidwa sagona opanda mwini wake.

Mkazi wanga Naomi anamwalira Lachiwiri m'chipatala ku Katete. Tinakhala m'banja zaka zitatu. Ine ndimaphunzitsa ku Sinda, koma iye anayenera kukagona kwa amayi ake, m'mudzi wa kuseri kwa Mkaika, cha kumalire. Thupi linali ku mochale m'tauni. Pakati pa tauni ndi mudzi pali msewu wa dothi, dambo lalitali, ndi kamlatho kamene madzi amakakwirira mvula ikagwa kumapiri. Unali mwezi wa Januwale.

Pabwalo panali magalimoto awiri. Sinditchula mitundu yake, chifukwa mkangano wake sunathe mpaka lero. Ina inali pikapu ya atate ake a Naomi, yoyera kale, imene Naomi anaitcha Nkhalamba. Apongozi angawo anagulapo magalimoto atatu moyo wawo wonse, onse a mtundu umodzi, ndipo ankanena poyera kuti mtundu wina uliwonse ndi chidole. Inayo inali ya amalume ake a Naomi, amene amachita malonda ku Vubwi: yatsopano, yakuda, yaitali, ya zitseko zinayi. Nawonso sagula mtundu wina. Apongozi anali atalumbira kuti sadzakhalamo ngakhale atathyoka mwendo.

Kutangoyamba kuyera, awiriwo anaima pakati pa magalimoto awo.

"Alamu, mwana wa mlongo wanga akwere chitini ichi anthu akuona?" anatero amalume.

"Yanuyo kumbuyo n'kwakufupi," anayankha apongozi. "Bokosi litulukira kunja ngati mtolo wa nzimbe."

Pa maliro a mwana wa mlongo, mawu omaliza ndi a malume. Apongozi ndi mkamwini m'mudzimo, monganso ine, ngakhale akhalamo zaka zambiri. Koma amalume anatembenukira kwa ine, poganiza kuti munthu wopita ku koleji asankha yatsopano.

"Aphunzitsi, nenani ndinu."

Tsiku limene tinapita naye kuchipatala, Naomi anagona pa matiresi kumbuyo kwa Nkhalamba, mutu uli pamwendo panga. Iye anaphunzirira kuyendetsa pa galimoto yomweyo. Titafika pa geti anamenya chitsulo cha m'mbali ndi chikhatho, nati, "Tibwerera yomweyi." Ine ndinati inde. Zimenezi sindinawauze amalume. Ndinangoti, "Akwera ya atate ake."

Amalume anandiyang'ana. "Mwanena ndinu," anatero.

Tinafika ku Katete mashopu akutsegulidwa. Amayi analowa ku mochale kukamusambitsa ndi kumuveka. Atandiitana ndinalowa, ndinaona, ndinatuluka. Kunja ndinapeza lole ya anzanga a ku Sinda itafika, aphunzitsi atavala masuti, akazi atamanga zitenje pamwamba pa madiresi. Tinakweza bokosi pa Nkhalamba ndipo linakwana bwino, chitseko cha kumbuyo n'kutsekeka. Apongozi anangoyang'ana amalume kamodzi. Amayi anayi anakhala m'mbali mwa bokosi. Ine ndinakhala kutsogolo ndi apongozi. Pambuyo pathu panabwera galimoto ya amalume, kenaka lole. Kumwera, cha ku Mozambiki, mitambo inali itayamba kuda.

Tinasiya tala n'kulowa msewu wa dothi. Anthu a panjinga ankatsika n'kuvula zipewa. Amayi olima m'minda ya nsawa ankaimika makasu mpaka titadutsa. Nyimbo inkayambira kumbuyo kwathu n'kukalandiridwa pa lole. Tili pakati pa dambo, kutatsala pang'ono kufika pa kamlatho, ndinamva phokoso ngati la chikwapu pansi pa boneti. Kasingano ka kutentha kanakwera. Apongozi anaima n'kuzimitsa injini, nthunzi ili tolotolo.

Nyimbo inaduka. M'chete ameneyo mayi wina wa kumbuyo, mng'ono wa amayi ake a Naomi, ananena motsitsa koma tonse tinamva: "Wakana."

Amene anakulira kumudzi akudziwa tanthauzo lake. Galimoto ya maliro ikaima panjira, amati womwalirayo wakana kupita chifukwa ali ndi chakukhosi. Ndipo mkazi akafa ali wamng'ono, anthu sayang'ana kutali pofuna amene anamulakwira. Nditatsika ndinapeza maso onse ali pa ine. Galimotoyo ndinasankha ndine. Ndinkadziwa bwino kuti injini imatentha fanibelti ikaduka, ndinaphunzitsapo ana zimenezi, koma panalibe amene ankaganiza za injini.

Apongozi anatsegula boneti, napeza fanibelti, lamba wa injini uja, itadukadi, ndipo anapinda mpando kufuna ina imene amasunga nthawi zonse. Munalibe. Anakumbukira kuti anapatsa munthu wina wa mtundu womwewo wa galimoto mwezi wa Disembala, ndipo matenda a Naomi anawaiwalitsa kugula ina. Ya galimoto ya amalume sikanakwana, ya lole chimodzimodzi. Wina anati tisamutse bokosi. Mkulu wa mpingo anati kusamutsa n'kosavuta, koma pakamwa pa anthu sipadzatsekeka, adzati anakana galimoto imene munali mwamuna wake. Bingu linagunda kumapiri.

Amalume anabwera pafupi. Za chitini sanatchulenso. Anati, "Aphunzitsi, ngati pali mawu, kalankhuleni naye. Nthawi ikutha."

Ndinapita kumbuyo n'kuika dzanja pa bokosi. Linali lofunda ndi dzuwa. Ndikanapepesa, ndiye kuti ndavomera mlandu umene kunalibe, ndipo ukanandimatirira moyo wanga wonse m'mudzi umene mkazi wanga wagona. Ndikanakhala chete, akanati ndine wouma mtima. Ndinaima choncho. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati.

Kumbuyo kwa lole kunamveka injini. Inali pikapu yabuluu, yodzaza matumba a feteleza, yokalamba ngati yathu, ndipo ya mtundu womwewo. Mwini wake anapatukira pambali monga amachitira aliyense pa maliro, natsika atavula chipewa. Anali bambo wamfupi, wa nsapato za mphira. Ataona boneti ili yasa, anaiwala zoima patali. Anasuzumira m'kati, naliza kakhweru.

"Madala, iyi simunaitsitsepo injini?"

"Ngakhale kamodzi," anatero apongozi.

"Yanganso. Izi ndiye galimoto, osati zinazi." Anaponya diso pa yakuda ija. Kenaka anapisa dzanja n'kusolola fanibelti yodukayo, naikweza m'mwamba ngati njoka yophedwa. "Amayi, taonani. Yatha iyi, ulusi wokhawokha. Ikanaduka ngakhale mutanyamula chimanga."

Sanafunse kuti ndife yani. Anabwerera ku galimoto yake, natsegula boneti, nayamba kumasula fanibelti yake. Apongozi atazindikira chimene akuchita anathamangira komweko.

"Nanga inu muyenda bwanji? Mvula ikubwera, muli ndi feteleza."

"Tenti ilipo. Feteleza sanamukumbire manda." Anapukuta manja pa buluku. "Ife a mtundu uwu sitisiyana panjira, madala. Mukudziwa."

Fanibeltiyo inakwana ndendende pa Nkhalamba. Apongozi anagwira sipanala, mlendoyo akukoka, amalume atavula jekete lawo la mtengo wapatali akutunga madzi a m'dambo ndi chigubu kuthira mu rediyeta. Apongozi anakhala pa mpando, natseka maso pang'ono, napotoza kiyi. Nkhalamba inalira nthawi yomweyo. Amene anayambitsa nyimbo anali mayi yemwe uja wa "wakana", ndipo ndikupita kukakwera anandisunthira chitenje chake kuti ndidutse, nati, "Pitani, bambo."

Tinawoloka kamlatho madzi akunyambita m'mphepete. Kumudzi tinapeza anthu atadzaza mpaka m'munda wa thonje, ena ochokera kutsidya la malire, njinga zili mulu pansi pa mtengo wa mango. Abusa anafupikitsa ulaliki poyang'ana kumwamba. Adzukulu ananyamula bokosi pamapewa, ife pambuyo, m'kanjira ka udzu wonyowa. Anamutsitsa bwino. Ndinaponya dothi langa. Madontho oyamba anagwa tikuika nkhata, ndipo mvula yeniyeni inayamba titasamba kale m'manja.

Anthu akudya m'makonde, ndinaona apongozi ali pa mvula akumasula fanibelti ija kuti akabwezere mwini wake. Anaima nayo m'manja, akuyang'ana msewu. Popanda iyo Nkhalamba sikanayenda, ndipo madzi pa kamlatho anali atakwera ndithu. Amalume analiza galimoto yawo, natsegula chitseko cha kutsogolo. Apongozi anayang'ana chitsekocho. Kenaka anapukuta matope a nsapato pa udzu, nakwera, fanibelti ili pamiyendo.

Anabwerako dzuwa likulowa. Anati anamupeza bambo uja atakhala pansi pa tenti pamodzi ndi matumba ake, onse ouma, akudya chimanga chootcha chimene anamupatsa anthu a m'munda wapafupi. Dzina sanamufunse, anaiwala. Ndinafunsa apongozi mmene galimoto ya amalume inachitira pa madzi.

"Imawoloka," anatero. "Koma mipando yake njofewa mopusa."

Amalume anaseka, koyamba m'masiku atatu. Potsanzika anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati pakhomo pano ndi panga.

Madzulo lole inapita, njinga zinatha pansi pa mango. M'nyumba munatsala amayi ochepa, akulankhula monong'ona. Moto wa pabwalo unali utazima ndi mvula. Nkhalamba inali pamalo ake, boneti itachirikizidwa ndi mtengo, ikudikira fanibelti yatsopano. Ndinakwera kumbuyo n'kukhala pansi. Pa fumbi lonyowa pankaonekabe mizere iwiri pamene bokosi linakhudza. Panalibe wondiyang'ana, panalibe wodikira kuti amve ndinena chiyani. Ndinamenya chitsulo cha m'mbali ndi chikhatho, pang'ono chabe.

"Tabwerera yomweyi," ndinatero.